Njinga Yamoto Ikayamba Kudontha Madzi Pamsewu wa Chikangawa

Nkhani yathu lero ndi ya eni njinga zamoto pamodzi ndi amakaniko awo, makamaka iwo amene ali ndi njinga zakale zimene injini yake imazizira ndi madzi. Tikambirana zoyenera kuchita njinga yotere ikayamba kudontha: mudziwa bwanji kuti ikudonthadi, mupeza bwanji pamene ikudonthera, ndipo mukonza bwanji kuti vutolo lisabwerenso.

Ndiyambe ndi mawu amene ndikufuna kuti mutsale nawo ngakhale ena onse mutawaiwala. Kuthira madzi m'rediyeta m'mawa uliwonse si kukonza njinga ayi. Madzi a m'injini satha ngati petulo. Amangozungulira m'njira yotsekeka, ndipo njinga yabwinobwino imatha miyezi yambiri osafuna kuwonjezera ngakhale kapu imodzi. Mukaona kuti akuchepa sabata ndi sabata, dziwani kuti pali pamene akutulukira, ndipo malo amenewo muyenera kuwapeza injini isananoke.

Tisanapite patali, tisiyanitse kaye njinga, chifukwa si zonse zimene nkhaniyi ikuzikhudza. Njinga zambiri za kabaza zimene mumaziona pasiteji pa Mzimba kapena pa Jenda, monga Boxer ndi Lifo, zilibe rediyeta. Injini zake zimazizira ndi mphepo imene imawomba pa tizipsepse tachitsulo tozungulira silinda. N'chimodzimodzinso Yamaha AG200 ija imene alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi amayendera. Njinga zimenezi zikadontha, ndiye kuti ndi oyilo, petulo kapena mafuta a mabuleki.

Koma ziliponso zina zokhala ndi rediyeta, monga Yamaha DT125R ndi DT200R, Honda Africa Twin, BMW F650, ndi Kawasaki KLR650 imene inayamba kupangidwa mu 1987. Njinga zoterezi kawirikawiri zimafika m'manja mwathu zitayenda kale zaka zambiri kwina, ku Joni kapena kutsidya kwa nyanja. Zina mwa njinga zamatayala atatu zonyamula katundu nazonso zili ndi rediyeta. Ngati yanu ili ndi rediyeta kutsogolo kwa injini, mapaipi a labala otuluka m'menemo, ndi kathanki ka pulasitiki kokhala ndi mizere iwiri, wapamwamba ndi wapansi, ndiye kuti ndikulankhula ndi inu.

Timvetse tsopano mmene madziwo amagwirira ntchito. Petulo akamayaka m'silinda, moto wake umatha kupitirira madigiri 2,000. Mphamvu ina imayendetsa tayala, ina imatuluka ndi utsi, koma kutentha kwina kumatsalira m'chitsulo cha injini. Kutentha kotsalaku ndi kumene madzi amanyamula. Pampu imawakankha kuti adutse m'timipata tozungulira silinda ndi hedi. Akatentha mokwanira, kachitseko kotchedwa thermostat kamatseguka, n'kuwalola kupita m'rediyeta, kumene mphepo imawaziziritsa. Njinga ikaima kapena ikamayenda pang'onopang'ono, fani ndi imene imakoka mphepoyo, pa njinga zimene zili ndi fani. Madzi akafufuma chifukwa cha kutentha, otsala amapita m'kathanki kaja, ndipo injini ikazizira amabwereranso. Njinga zambiri za silinda imodzi zimangosunga lita imodzi kapena lita imodzi ndi theka basi. Choncho kutaya kapu imodzi ya tiyi ya madzi amenewa ndi kutaya gawo lalikulu ndithu.

Alipo ena amene amati, "Aaa, ku Chikangawa n'kozizira, injini ingatenthe bwanji?" Achimwene anga, maganizo amenewa aphetsa injini zambiri. Kuzizira kumene inu mukumva m'zala sikufika m'kati mwa silinda. Ndipo kumtunda kuno kuli chinthu china chimene ambiri sachiganizira. Chikangawa ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Kugombe la nyanjayo madzi amawira pa madigiri 100, koma kuno amawira pa madigiri 94 kapena 95, chifukwa mpweya wowapanikiza ndi wochepa. Amayi amene anaphikapo nyemba kuno akudziwa kuti mphika umabwadamuka msanga, koma nyembazo zimachedwa kupsa, ndipo mphika wosavundikira bwino umaphwa madzi mosakhalitsa. Rediyeta nayonso imadalira chivundikiro chake. Chikakhala chabwino, chimasunga mpweya wopanikiza, ndipo madzi sawira mpaka atafika pafupifupi madigiri 120. Chikatha mphamvu, kapena pakakhala kabowo kena kotulutsa mpweyawo, madzi amawira msanga kuno kuposa ku Nkhata Bay kapena ku Salima.

Onjezanipo misewu yathu. Kuchokera pamphambano ya Mzimba kulowera ku Mzuzu, msewu wa M1 ndi wa zitunda ndi makona okhaokha. Nkhungu ikatsika, mumayenda pang'onopang'ono pa giya yaing'ono, mwina muli kumbuyo kwa thiraki yodzaza matabwa. Pamenepo injini ikugwira ntchito yakalavulagaga, koma mphepo yodutsa m'rediyeta ndi yochepa. Mukapatuka kulowa m'nkhalango ya Viphya, ija ya mahekitala 53,000, kupita ku Mazamba, ku Nthungwa kapena ku Luwawa, mumakumana ndi matope, utuchi ndi masamba a paini. Zonsezi tayala lakutsogolo limaziponyera m'rediyeta, n'kutseka timipata todutsa mphepo. Timiyala nato timathamangira komweko. Ndiye njinga imene ikanapirira ndi dontho lake pamsewu wosalala, kuno imagonja msanga.

Tsopano mudziwa bwanji kuti njinga ikudontha? Chizindikiro choyamba chili pa kathanki kaja. Muziyang'ana m'mawa injini isanalizidwe, njinga itaima chilili pamalo athyathyathya. Madzi ayenera kukhala pakati pa mizere iwiri ija. Lembani kachizindikiro ndi cholembera pamene afika, mudzaonenso pakapita masiku angapo. Chachiwiri ndi fungo. Kulanti, amene ndi madzi osakaniza ndi mankhwala othira m'rediyeta, akagwera pachitsulo chotentha amamveka fungo lotsekemera, losiyana ndi la oyilo kapena la petulo. Chachitatu ndi mikwingwirima yoyera, yobiriwira kapena yofiirira pa injini, pamene madzi anayenda n'kuuma. Chachinayi ndi geji ya kutentha kwa injini yokwera kuposa masiku onse, kapena nyali yofiira yoyaka mukakhala pachitunda.

Koma kuno kuli zinthu zina zonamiza. M'miyezi ya Juni ndi Julayi njinga imadzuka ili chonyowa ndi mame, pansi pake pali madontho. Mukailiza, ekizozi imatulutsa nthunzi yoyera. Musathamangire kumasula injini. Nthunzi ya m'mawa imatha injini ikatentha, ndipo ilibe fungo lotsekemera. Mame ndi madzi wamba, pamene kulanti amaterera m'zala. Yalani katoni youma pansi pa njinga usiku, m'nyumba kapena pakhonde. M'mawa katoniyo ikuuzani mtundu wa chimene chadontha ndi mbali imene chagwera. Chokhacho ndikupempheni: musalawe ndi lilime. Ndifotokoza chifukwa chake posachedwa.

Mwatsimikiza kuti ikudontha. Apa ndi pamene ambiri amapupuluma, n'kuthamangira ku Mzuzu kukagula gasiketi ya hedi, pamene vuto linali kilampu yomasuka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsukani njinga bwinobwino, muchotse matope ndi oyilo yense, muisiye iume. Kenako wazani choko chopera kapena ufa pang'ono kunja kwa mapaipi, polumikizira ponse, pansi pa rediyeta ndi mozungulira pampu. Lizani injini mpaka itenthe, tochi ili m'manja. Pamene ufawo uyambe kunyowa, pomwepo ndi pamene pali vuto. Kumbukirani kuti madzi amatsika, ndipo mphepo imawakankhira kumbuyo. Pamene mwaona dontho likugwa si pamene latulukira. Litsatireni mokwera mpaka mufike pamalo apamwamba penipeni ponyowa.

Mabowo ena amangotulutsa madzi injini ikatentha, ena ikazizira. Ndi chifukwa chake makaniko wodziwa ntchito amakhala ndi kapampu koyesera, kamene amakamangirira pakamwa pa rediyeta n'kupopa mpweya mpaka pa mlingo wolembedwa pachivundikiro. Muvi wa geji ukamatsika, ndiye kuti pali potulukira, ndipo madontho amaoneka injini ili yozizira, popanda wina kupsa manja. Mlingo umenewo usapitirire, chifukwa rediyeta yakale ikhoza kung'ambika.

Pofufuza, yambani ndi zotchipa ndi zosavuta, mumalizire ndi zodula. Choyamba ndi chivundikiro cha rediyeta. Chitembenuzeni muone labala wake. Ngati wang'aluka, wauma gwa, kapena sipuling'i yafooka, chivundikirocho chatha. Chizindikiro chake n'chakuti madzi amasefukira m'kathanki n'kutayikira pansi kudzera m'kapaipi kakang'ono, pamene injini ilibe bowo lililonse. Gulani china chokhala ndi nambala yofanana ndi chakalecho. Njinga zambiri zimafuna cha 0.9 kapena 1.1. Musaike cha nambala yaikulu poganiza kuti n'cholimba, chifukwa chidzaphulitsa mapaipi okalamba.

Chachiwiri ndi mapaipi. Injini itazizira, afinyeni ndi dzanja limodzi ndi limodzi. Paipi yabwino imakhala yolimba koma yofewa pang'ono, ndipo imabwerera mukaisiya. Ikakhala youma ngati mtengo, yotupa pafupi ndi kilampu, yong'aluka, kapena yofewa kwambiri chifukwa cha oyilo, masiku ake atha. Nthawi zambiri madzi amatulukira polumikizira, chifukwa labala akakalamba amaphwa ndipo kilampu imatsala yomasuka. Imangeni pang'ono, koma osati mpaka kudula labalayo. Ngati ikudonthabe, chotsani paipiyo muone kamlomo kachitsulo kamene imalowapo. Mukapeza zoyerayera zomatirira, palani ndi sandipepala wosalala musanaike yatsopano. Ndipo paipi imodzi ikaphulika chifukwa cha ukalamba, zinzake nazo zili m'njira, popeza zinabadwa tsiku limodzi. Ngati thumba likulola, sinthani zonse.

Chachitatu ndi rediyeta yeniyeniyo. Yang'anani m'makona, pamene timachubu timalumikizana ndi matanki ake, ndiponso pamene imamangiriridwa ku felemu, chifukwa kugwedezeka kwa m'misewu yafumbi kumang'amba pamenepo. Njinga imene inagwapo cham'mbali iyenera kuonedwa mosamala. Marediyeta a njinga zambiri ndi a aluminiyamu, ndipo mtovu umene amamatira marediyeta akale a kopa sugwira pa aluminiyamu. Pamafunika wowotcherera amene ali ndi makina ake a aluminiyamu. Kabowo kakang'ono mukhoza kukamata ndi guluu wa zitsulo uja wosakaniza machubu awiri, mutapala ndi kuumitsa malowo, koma ameneyo ndi wongokufikitsani kugalaja. Potsuka matope, thirani madzi mofatsa kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo. Makina otsukira galimoto aja amphamvu amapinda tizipsepse ta rediyeta, ndipo tikapindika mphepo sidutsanso.

Chachinayi ndi pampu, ndipo apa ndidekhe pang'ono chifukwa ndi pamene njinga zakale zimavutira kwambiri. Pampu ili ndi kachitsulo kozungulira kochokera m'kati mwa injini. Pa kachitsuloko, pa njinga zambiri, pali ma seal awiri: ina imatchinga madzi, ina imatchinga oyilo. Pakati pa awiriwa opanga anaboola dala kabowo koloza pansi. Ntchito ya kabowoka ndi kukuchenjezani. Kakamatulutsa madzi, ndiye kuti seal ya madzi yatha. Kakamatulutsa oyilo, ndiye kuti ya oyilo ndi imene yatha. Alipo ena amene akaona kabowoka kakudontha amakatseka ndi guluu kapena kamtengo, n'kumati akonza. Chonde musatero. Mukatseka pamenepo, madziwo amasowa kolowera, n'kukankhira m'kati kukasakanikirana ndi oyilo. Oyilo wosakanikirana ndi madzi satetezanso zitsulo, ndipo mabering'i amadyeka. Chimene chikanatha ndi ma seal awiri chimadzafuna injini yonse.

Kukonza kwake ndi kusintha ma seal onse awiri nthawi imodzi, pamodzi ndi gasiketi ya chivundikiro cha pampu. Musanabwezere, gwirani kachitsulo kaja ndi chikhadabo. Ngati kali ndi mzere wokumbika pamene seal imakhala, seal yatsopano sikhalitsa, ndiye kachitsuloko kasinthidwenso. Nkhope za seal ya madzi zimafuna ukhondo, osazigwira ndi zala za girisi, ndiponso osazimenya ndi hamala. Pa njinga za thusitiroko monga DT, pampu ikatha, madzi amatha kulowa m'giyabokosi, ndipo oyilo wa mmenemo amasanduka woyera ngati mkaka. Musaiwalenso kabawuti kotulutsira madzi pansi pa pampu. Kali ndi washa wake, amene ayenera kusinthidwa akaphwanyika.

Chachisanu ndi thermostat ndi fani. Izi sizidontha zokha kawirikawiri, koma zikafa zimawiritsa madzi mpaka kusefukira, mwini n'kumaganiza kuti pali bowo. Thermostat imayesedwa poiika m'madzi otentha m'chitini chakale: iyenera kutseguka madziwo asanawire. Ena amangoichotsa n'kuitaya. Kumalo ozizira ngati kuno chimenecho n'cholakwika, chifukwa injini imachedwa kutentha, imamwa petulo wambiri, ndipo imatha msanga. Fani nayo iyenera kuyamba kuzungulira geji isanafike pofiira. Ikapanda kutero, onani fyuzi, mawaya ndi kaswichi kake.

Chomaliza, chimene aliyense amachiopa, ndi gasiketi ya hedi. Apa madzi amatha koma pansi pali gwa, pouma, chifukwa akulowa m'silinda n'kutuluka ndi utsi. Zizindikiro zake ndi utsi woyera wosatha ngakhale injini yatentha, wafungo lotsekemera. Pulagi yoyera mbee ngati yatsukidwa. Mapaipi olimba gwa injini itangolira kumene. Ndi oyilo wosanduka mtundu. Kuti mutsimikize, tsegulani chivundikiro injini ili yozizira, muilize, muyang'ane m'kamwa mwa rediyeta. Thovu likamatuluka mosalekeza, ndiye kuti utsi wa m'silinda ukulowa m'madzi. Koma dziwaninso kuti zoyerayera pang'ono pansi pa chotsekera oyilo zimatha kubwera chifukwa cha kuzizira ndi maulendo afupiafupi. Chizindikiro chimodzi chokha chisakumasulitseni injini. Ziwiri kapena zitatu zikagwirizana, pamenepo ndiye pitani kwa makaniko.

Ndipo amakaniko athu, ntchito imeneyi siyofuna changu. Hedi ikachotsedwa iyesedwe ngati sinapindike, chifukwa aluminiyamu akatenthedwa kwambiri amapindika, ndipo gasiketi yatsopano pa hedi yopindika imapsanso posakhalitsa. Ngati yapindika, ipite kwa odziwa kupala mahedi ndi makina. Gasiketi yakale isabwezeredwe, ngakhale ioneke bwino chotani. Mabawuti amangidwe modumphitsa, pang'onopang'ono, pa mlingo umene opanga njingayo analemba, osati mongoyerekeza ndi mphamvu ya mkono. Pomaliza oyilo ndi fyuluta zisinthidwe, popeza madzi anali atalowamo.

Tsopano bowo latsekedwa. Muthiramo chiyani? Ambiri timangotunga pamjigo kapena mumtsinje. Madzi a pamjigo amakhala ndi mchere wa m'nthaka umene umamatirira m'timachubu ta rediyeta n'kutitseka. Madzi wamba amadyanso aluminiyamu ndi kuchititsa dzimbiri, ndipo dzimbirilo ndi limene limapala seal ya pampu. Kunena zoona, mabowo ambiri a njinga zakale amayamba ndi madzi amene tinathiramo zaka zapitazo. Kulanti weniweni ali ndi mankhwala otchedwa ethylene glycol pamodzi ndi ena oteteza zitsulo. Akasakanizidwa theka ndi theka ndi madzi oyera, amachedwa kuwira, saundana ngakhale kuzizire chotani kuno kwathu, ndipo amateteza injini ku dzimbiri.

Pogula werengani botolo. Wina amabwera wosakaniza kale, ndipo ameneyo musamuthire madzi. Wina amafuna kusakaniza, ndipo madzi ake ndi aja oyeretsedwa mwapadera amene amawonjezera m'batire, osati asidi wa batire. Akasowa, madzi a mvula oyera, osefa bwino, ndi abwino kuposa a pamjigo. Sankhani kulanti wolembedwa kuti ndi woyenera injini za aluminiyamu. Mtundu wake, kaya wobiriwira, wofiira kapena wabuluu, ndi utoto chabe, ndiye musasakanize a mabotolo osiyana pongoona kuti akufanana maonekedwe. Ngati simukudziwa chimene chili m'njinga yanu, khuthulani chonse, mutsuke ndi madzi oyera mpaka azituluka oyera, kenako muthire watsopano. Opanga njinga ambiri amalangiza kusintha kulanti zaka ziwiri zilizonse.

Pothira, thirani pang'onopang'ono, mukufinya mapaipi kuti mpweya utuluke. Gwedezani njinga uku ndi uku. Lizani injini kanthawi chivundikiro chili chotsegula, thovu lithe, muwonjezere, kenako mutseke. Dzazani kathanki mpaka mzere wapamwamba. Yendani ulendo waufupi, muisiye izizire, muonenso. Mpweya ukatsalira m'kati, injini imatentha ngakhale ntchito yonse mwaigwira bwino.

Nanga za mazira, ufa, fodya kapena sopo zimene ena amathira m'rediyeta kuti zitseke bowo? Omvera athu, zimenezo zisiyeni. Timachubu ta rediyeta ya njinga ndi tating'ono kuposa ta galimoto. Chimene chatseka bowo lanu chimatsekanso njira ya madzi. Ngakhale mankhwala ogula m'sitolo otsekera mabowo ndi ongothandiza pangozi, ndipo sangachize paipi yong'ambika, seal yotha kapena gasiketi yopsa.

Tinene kuti zakuchitikirani panjira, mwina cha ku Elephant Rock, kumene nyumba zili patali. Geji yafika pofiira, nthunzi ikutuluka. Zimitsani injini nthawi yomweyo. Mawu oti "ndingofika pa fakitale ya Raiply" ndi amene amapinditsa hedi. Kankhirani njinga kunja kwenikweni kwa msewu, chifukwa m'nkhungu woyendetsa thiraki sakuonani msanga. M'chilimwe musaiimike pa udzu wouma kapena pa masamba a paini, chifukwa ekizozi yotentha ikhoza kuyambitsa moto, ndipo nonse mukudziwa mmene moto wasakazira nkhalango imeneyi. Dikirani mphindi zosachepera 30. Musatsegule chivundikiro injini ili yotentha, chifukwa madziwo amathovoka n'kukuwaulani nkhope ndi manja. Ikazizira, phimbani chivundikirocho ndi nsalu yokhuthala, mupotoze pang'ono kuti mpweya uyambe watuluka, kenako mutsegule.

Ngati paipi yang'ambika kumapeto, dulani pong'ambikapo muilowetsenso, ngati kutalika kwake kukulola. Ngati yang'ambika pakati, iumitseni, muikulunge zolimba ndi mphira ya chubu chakale, mumange ndi waya. Pangozi yotere madzi alionse oyera ndi abwino kuposa kuyenda opanda madzi, koma muwathire injini itazizira, ndipo mukafika mukawakhuthule. Yendani pang'onopang'ono, diso lili pa geji, mukuima pafupipafupi. Onaninso ngati kulanti sanagwere pa tayala lakumbuyo kapena pa mabuleki. Amaterera kwambiri, ndipo pa makona a msewu uno kuterereka kamodzi n'kokwanira kutaya moyo. Ngati madzi akutuluka ngati pampopi, musakakamize. Kulipira galimoto yonyamula njinga n'kotchipa kuposa kugula injini. Amene mumayenda msewu umenewu kawirikawiri, muzinyamula botolo la madzi oyera, makilampu awiri, mphira, kawaya, pulayala ndi sikuludiraiva.

Ndinalonjeza kufotokoza chifukwa chake simuyenera kulawa kulanti. Ethylene glycol ndi poizoni, ndipo choopsa chake n'chakuti amatsekemera. Mtundu wakenso umafanana ndi zakumwa zimene ana amakonda. Mwana akamwa, poyamba amaoneka ngati waledzera, mwina n'kusanza, kenako n'kuoneka ngati wapeza bwino, pamene impso zikuwonongeka m'kati. Choncho musasunge kulanti m'botolo la zakumwa. Musiyeni m'botolo lake, pamalo okwera pamene mwana safika. Wina akamwa, musadikire zizindikiro ndipo musamusanzitse. Thamangirani naye kuchipatala chapafupi, kaya ndi cha Boma ku Mzimba, cha Embangweni kapena cha Mzuzu Central, mutatenga botololo kuti adokotala aone chimene wamwa. Agalu, amphaka ndi nkhuku nazonso zimafa zikamwa wotayikira pansi. Pokhuthula wakale, mulandirireni m'chigubu chotsekeka, osamutaya pafupi ndi chitsime, dimba kapena mtsinje. Wotayikira pansi mumukwirire ndi mchenga kapena utuchi, n'kuwola.

Wina akapsa ndi madzi a m'rediyeta, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20, muvule mphete kapena wotchi malowo asanatupe, muphimbe ndi nsalu yoyera, mupite kuchipatala. Osapakapo mankhwala otsukira mano, dzira, oyilo kapena dothi.

Mawu ena apite kwa inu amene mukufuna kugula njinga yakale yokhala ndi rediyeta. Safunsa anadya phula. Pitani m'mawa injini isanalizidwe, mutsegule chivundikiro muone chimene chili m'kati. Mukapeza madzi a dzimbiri, kapena mafuta akuyandama pamwamba, dziwani kuti mukugula ntchito. Suzumirani pansi pa pampu muone ngati kabowo kaja sikanatsekedwe ndi guluu. Onani mtundu wa oyilo. Funsani ngati ma seal, mapaipi ndi magasiketi a njinga imeneyo amapezeka ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, kapena mpaka mutatuma m'bale ku Joni. Njinga yotchipa imene zipangizo zake sizipezeka imathera pakhonde.

Kwa inu amakaniko a pa Mzimba, pa Jenda ndi m'misika yonse ya kuno, anthu amakukhulupirirani ndi chuma chawo ndi miyoyo yawo. Muonetseni mwini njinga pamene ikudonthera musanamutchulire mtengo. Mubwezereni chipangizo chakale chimene mwachotsa kuti adzionere yekha. Ngati mwangomata kuti afike kunyumba, muuzeni mosabisa kuti mwangomata. Ndipo anyamata amene mukuwaphunzitsa ntchito, aphunzitseni kufufuza asanagwire sipanala.

Omvera athu, njinga yakale si njinga yotha. Ikasamalidwa imatha kukutumikirani zaka zambiri, kupititsa ana kusukulu, odwala kuchipatala ndi mbewu kumsika. Chimene imafuna kwa inu n'chochepa: kuyang'ana kathanki m'mawa, kutsuka rediyeta mukachoka m'matope, kuthira kulanti woyenera, ndi kuima geji ikafika pofiira. Ngati njinga yanu yakhala ikupempha madzi sabata iliyonse, mawa lomweli itsukeni, muiwaze choko, mupeze pamene ikudonthera, ndipo mukonze musanakwerenso chitunda cha Chikangawa.